ZA PAKHOMO: Musanaswe simenti, yambani mwafunsa mita

Chitsegulire mgodi waukulu wa malasha ku Moatize m'chaka cha 2011, nyumba zamakono zachuluka zedi kuno ku Matundo mpaka kukafika ku Chingodzi. Zambiri mwa nyumbazi mapaipi ake anayalidwa pansi, pamwamba n'kuthira konkire ndi kumata matailosi. Kukongola kwake sitikana. Koma tsiku limene paipi yabooka pansi pa simentipo, mwini nyumba amasowa mtengo wogwira.

Omvera amene amandiimbira foni ku wailesi dandaulo lawo ndi limodzi: bilu yamadzi yakwera, m'munsi mwa khoma mwanyowa, ndipo mmisiri wafika kale ndi hamala kuti ayambe kuswa pabalaza. Langa ndi ili: kuona maso a nkhono n'kudekha. Hamala ikhale yomalizira.

Choyamba funsani mita, ija ambiri kuno timati kontadori. Sankhani nthawi imene madzi akutuluka. Tsekani mipopi yonse, ndipo uzani ana kuti asagujumule kuchimbudzi. Lembani manambala onse a pamita. Akuda aja amawerenga makyubiki, ofiira amawerenga malita. Kyubiki imodzi ndi malita 1,000, kapena titi zidebe 50 za malita 20. Pakatha maola awiri kawerengeninso. Ngati manambala asuntha, madzi akuthawa penapake.

Tsono akuthawira pati? Tsekani vavu imene ili polowera m'nyumba. Mita ikapitirira kuyenda, vuto lili panja, pakati pa mita ndi khoma. Pamenepo zikomo, khasu lokha likwanira. Yang'anani pamene udzu ukubiriwira pomwe kwina konse kwauma ndi dzuwa la Okutobala. Mita ikaima, ndiye kuti vuto lili m'nyumba.

Inu amene muli ndi thanki pamwamba, mita singakuuzeni zonse. Madzulo tsekani paipi yodzazira thankiyo, lembani ndi choko pamene madzi alekeza, ndipo usikuwo wina asatsegule mpopi. M'mawa kaoneni. Onaninso kampira kotsekera madzi m'thankimo, chifukwa kakafa madzi amangosefukira kuseri kwa nyumba kosaona munthu.

Ngakhale vuto litakhala m'nyumba, musafulumire kunena kuti lili pansi pa simenti. Kawirikawiri wakuba amakhala kathanki ka chimbudzi. Thiranimo juwisi waufa wofiira uja ana amakonda, mudikire theka la ola osagujumula. Mukaona kufiira m'mbale yachimbudzi, labala yatha, ndipo kugula ina ndi ndalama yochepa. Mpopi wodontha nawo musaupeputse. Dontho limodzi pa sekondi limapitirira malita 10,000 pa chaka. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Zonsezi zikakhala bwino koma madzi akuthawabe, apo ndiye tikayikire pansi. Zizindikiro zake ndi izi: matailosi kufufuma kapena kulira ngati ng'oma mukawagogoda, penti kusupuka m'munsi mwa khoma, timchere toyera kutuluka pa pulasitala, ndi malo ofunda pansi ngati paipi yobookayo ndi ya madzi otentha. Usiku kukakhala zii, gunditsani sikuludiraiva pa mpopi, khutu pa chogwirira chake. Madzi othawa amamveka kuti siii. Koma dziwani kuti pamene panyowa si pamene pabooka nthawi zonse. Madzi amayenda pansi pa konkire mpaka atapeza mng'alu wotulukira. N'chifukwa chake ena amaswa chipinda chonse koma osaipeza paipi.

Mfunseni mmisiri funso ili: kodi sitingadule paipi yapansiyo n'kuyendetsa ina kunja, motsata khoma? Nthawi zambiri njira imeneyi imatchipa kuposa kugumula ndi kugulanso matailosi, amene mwina mtundu wake unatha kale m'sitolo. Kungoti paipi yapulasitiki ikakhala panja muiphimbe kapena muipake penti. Dzuwa la Tete, limene limapitirira madigiri 40, limaiumitsa mpaka kuthetheka.

Nanga fungo loipa kubafa m'nyumba yatsopano? Pansi pa sinki ndi pa kabowo kotulutsira madzi pamakhala paipi yopindika imene imasunga timadzi totsekereza mpweya wa kudzenje. Bafa likakhala losagwiritsidwa ntchito, timadzito timauma ndi kutenthaku. Thiranimo jagi imodzi ya madzi sabata iliyonse. Ngati madzi akuchedwa kutsika m'nyumba monse chimangireni, mwina omanga ankatsukira zipangizo zasimenti m'menemo, kapena paipi anaigoneka mosapendeka. Paipi ya madzi oipa iyenera kutsika pafupifupi masentimita awiri pa mita iliyonse ya kutalika kwake.

Kwa inu amene muli pa maziko, ino ndiyo nthawi yanu. Mapaipi agone pa mchenga, osati pa miyala yakuthwa. Polumikiza pachepe pansi pa simenti, chifukwa pamene pamayambira kudontha ndi pomwepo. Musalole kuthira konkire mapaipi asanadzazidwe madzi ndi kugona nawo usiku wonse kuti muone ngati akudontha. Bafa ndi khitchini chilichonse chikhale ndi vavu yake. Koposa zonse, jambulani mapaipiwo ndi foni, tepi yoyezera ili pambali, ndipo zithunzizo muzisunge pamodzi ndi mapepala a poloti.

Inu alendi, mukaona chinyezi dziwitsani eni nyumba tsiku lomwelo, manambala a mita ali m'manja. Madzi odontha pansi amafewetsa dothi, maziko n'kutitimira, khoma n'kung'aluka. Zikafika apo nkhani sikhalanso ya bilu ayi, koma ya nyumba yonse.

Tikumanenso sabata yamawa.