Swichi yongokhudza: chitukuko kapena kutaya ndalama?

Pa Phalombe Boma anthu ambiri azolowera kukhudza galasi la foni potumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money. Luso lomweli tsopano lafika m'maswichi a magetsi a nyumba zamakono.

Chinsinsi chake n'chakuti thupi la munthu limasunga timagetsi pang'ono. Chala chikayandikira galasi, kachipangizo kakuseri kamazindikira n'kuyatsa babu. Poti palibe chodina, swichiyi siitha msanga ndipo fumbi la m'chilimwe sililowa.

Koma pali vuto. Kachipangizoka kamakhala tcheru usana ndi usiku, n'kumadya mayunitsi pang'onopang'ono ngakhale babu litazima. N'chifukwa chake makampani akupikisana kupanga todya magetsi ochepa. Chala chonyowa chimakasokonezanso, ndipo magetsi akathima n'kubwera mwamphamvu katha kupsa.

Sitinaiwale kuthimathima kwa mu 2022, namondwe wa Ana ataononga Kapichira n'kutilanda mamegawati pafupifupi 130. Choncho banja lomwe likumanga nyumba liyambe ladzifunsa: swichiyi ikapsa, wokonza alipo pa Boma pano kapena mpaka ku Limbe? Ngati palibe, yakale yodina ija ikadali yodalirika. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.