Zotsekemera za Ana pa Madzulo a Kanema

M'nyumba zambiri za m'mizinda yathu, ndiponso m'midzi momwe mphamvu ya dzuwa yayamba kuyatsa mababu, mwakhazikika mwambo wa Loweruka madzulo, wakuti nsima ikadyedwa, mbale zikachotsedwa, mphasa ikayalidwa pabalaza, banja lonse limakhala pansi kuonera kanema. Ife amene tinakula dziko lino lisanakhale ndi wayilesi ya kanema yakeyake, pakuti Television Malawi inayamba kuulutsa m'chaka cha 1999, timayesedwa kawirikawiri kuti tiunyoze mwambowu ponena kuti ndiwo unapha nthano za agogo. Koma ine sindidzatero, popeza bambo amene wakhala pamphasa kuseka pamodzi ndi ana ake waposa kutali mnzake uja amene Loweruka lake limathera kumowa. Chimene ndifuna kunenapo lero ndi chaching'ono, ndicho chakudya chimene ana amagwira pa madzulo oterewa, ndi manja amene amachikonza.

Ndaona m'makomo angapo, kanema ali pafupi kuyamba, mwana akuthamangitsidwa ku okala ndi ndalama m'manja, nabwerako atanyamula timapaketi tonyezimira ndi mabotolo a zoziziritsa kukhosi, ndipo aliyense atalandira kake amafulatira mbale wake, kuwerenga tam'kati mobisa kuti wina angampemphe. Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza m'chaka cha 2015 kuti shuga wothira m'zakudya asafike pa gawo limodzi la magawo 10 a mphamvu imene munthu amapeza m'chakudya cha tsiku, ndi kuti nkwabwino koposa akachepera theka la pamenepo, ndiwo masupuni a tiyi 6 kwa munthu wamkulu. Komatu botolo limodzi lokha limapyola kale muyezo umenewo, mwana asanatsegule ndi paketi yomwe. Ngakhale Buku la Miyambo, limene silidana ndi uchi, limachenjeza woupeza kuti adye pamuyezo. Koma chidandaulo changa chachikulu si shuga ayi. Kanema, angakome bwanji, amatseka pakamwa pa onse kwa maola awiri. Choncho ngati banja lifuna kucheza, nthawi yake ndi ola lija la kukhitchini kanema asanayambe, pamene wina akusenda nthochi, wina akusankha mtedza, ndi wamng'ono akunyambita mthiko amayi atayang'ana kumbali. Paketi ya ku okala imalanda banja ola limenelo.

Tiyambe ndi mbuliwuli, popeza ndizo zinapalana ubwenzi ndi kanema kalekale ku America, m'zaka za m'ma 1930, pamene umphawi unagwa m'dzikomo ndipo eni nyumba za kanema anapeza kuti ngakhale wosauka akhoza kugulako kathumba. Ana amakondwera akauzidwa chimene chimachitika m'poto: m'njere iliyonse muli timadzi, ndipo moto ukakula timadzito timasanduka nthunzi yosowa potulukira chifukwa khungu la chimanga cha mtunduwu ndi lolimba, kufikira njere iphulika ndi kutembenukira kunja. Thirani mafuta okwana kunyowetsa pansi pa poto, ponyanimo njere zitatu, ndipo zikaphulika dziwani kuti mafuta apsa. Pamenepo thirani chimanga chongophimba pansi, vundikirani, muzigwedeza poto kufikira phokoso litachepa. Wofuna zotsekemera awaze shuga supuni ziwiri pamodzi ndi chimangacho, koma asaleke kugwedeza ngakhale pang'ono, pakuti shuga sachedwa kupserera ndi kuwawa.

Mtedza wa shuga ufuna dzanja la wamkulu. Makapu awiri a mtedza, kapu imodzi ya shuga ndi theka la kapu ya madzi ziikidwe pamodzi m'chiwaya pamoto wosakalipa, ndipo wophika atakase kosalekeza. Madzi adzauma, shuga adzayera nakhala mbuu pamtedzapo, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya mtima poyesa kuti zalephereka, osadziwa kuti akapitiriza pang'ono shugayo asungunukanso ndi kuvala mtedza chovala chofiirira chonyezimira. Ana akhale patali pa nthawi imeneyi, chifukwa shuga wosungunuka amatentha koposa madzi owira ndipo amamatirira pakhungu. Ntchito yawo ndi ya poyamba, ya palichero, kuchotsa mtedza wonyala, wobooka ndi wachuku. Ndipo aphunzitsidwe kuti chuku chili ndi poizoni wowononga chiwindi amene satha ndi kukazinga, kotero kuti mtedza wotere suyenera kusinjidwa kapena kuponyedwa m'phala pofuna kupulumutsa ndalama. Ndiwonjezepo mawu kwa alezi ndi azakhali okonda kugawira makanda chilichonse: mwana wosakwana zaka 5 asapatsidwe mtedza wathunthu kapena mbuliwuli, makamaka mumdima wa kanema momwe akatsamwa palibe amene angaone msanga, ndipo uchi usafike pakamwa pa mwana wosakwana chaka chimodzi.

Koma mafumu a madzulo oterewa, m'kuweruza kwanga, ndi zitumbuwa ndi chigumu, chimene ena amati chikondamoyo. Zonse ziwiri zimachokera ku nthochi zimene zapsa kwambiri, za makoko a mathothomathotho akuda, zomwe amayi ogulitsa pamsika amatsitsa mtengo dzuwa likapendeka, ndi zomwe wosadziwa amazidutsa monyansidwa pamene ndizo zodzala ndi kutsekemera kosafuna shuga wa m'sitolo. Indetu nthochi sizilinso zotchipa monga kale, chifikireni matenda a chisaka amene anapululutsa minda ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay, mpaka tinayamba kudya nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Chifukwa chake kutaya nthochi yakupsa lero ndi tchimo la m'khitchini. Mwana wa zaka 6 akhoza kupatsidwa nthochi zinayi ndi mbale kuti azikanye mpaka zitasalala, mkulu wake n'kuthiramo ufa wa mgaiwa pang'onopang'ono, kamchere ndi kasoda ka kunsonga ya supuni, kufikira zitalimba moti n'kuumbika m'manja. Ndipo kuumbako musawaletse, ngakhale wina aumbe ng'ombe wina galimoto, pakuti chitumbuwa chopindika chimene mwana waumba yekha amachidya ndi ulemu umene sapereka kwa bisiketi wa m'paketi. Kukazinga kokha ndiko kwa amayi kapena abambo, ndipo ndanena abambo mwadala.

Chigumu chimafuna kuyambidwa dzuwa likadalipo. Msakanizo wake ndi womwewo koma wofewerapo, wothira mkaka kapena madzi, dzira ngati lilipo ndi mafuta pang'ono. Uthiridwe m'poto wopaka mafuta, poto akhale pa mbaula ya makala ochepa, ndipo makala ambiri aikidwe pamwamba pa chivundikiro, pakuti chigumu chimapsa bwino ndi moto wochokera kumwamba, ndipo wochulutsa wa pansi adzapeza chakuda kunsi chili chachiwisi pakati. Apa ndi pamene ana amaphunzira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, chifukwa fungo limadzaza nyumba nthawi isanakwane, ndipo wovundukula msanga amachigwetsa pakati. Mukabaya ndi mpeni n'kutuluka wouma, chapsa. Chizizire, kenaka chidulidwe tizidutswa ting'onoting'ono tokwana m'dzanja la mwana, tiikidwe m'mbale imodzi pakati pa mphasa. Za mbale imodziyi ndiumirirapo ndithu, popeza m'mbale yotere ndimo tonse tinaphunzira kuyang'ana chotsala tisanatambasule dzanja kachiwiri, ndi kusiyira wamng'ono chidutswa chomaliza.

Zina zonse nyengo imapereka yokha, ndipo sizifuna malangizo ambiri. M'miyezi ya mvula yoyamba mango ndi masuku zimachita kutayika. M'nyengo yozizira kuli manachesi a ku Mwanza ndi nzimbe, zimene zikasendedwa ndi kudulidwa timfundo zimatangwanitsa ana kufikira kanema atatha. Nanazi wa ku Mulanje ndi papaya wa kuseri kwa nyumba, zikadulidwa pamodzi ndi kufinyiridwa ndimu, zimakwana kulandirira ngakhale mlendo. Mbatata yofiira m'kati, monga ya Zondeni ndi ya Kadyaubwerere, imene alangizi amalimbikitsa chifukwa cha vitamini A wothandiza maso a ana, ikaotchedwa m'phulusa la mbaula imene yaphika chigumu ija imatuluka yotsekemera mokwana, ndipo makala sanapite pachabe.

Kwa amene ali ndi filiji, ndipo magetsi awakomera mtima tsiku limenelo, malambe ndiwo chuma. Anyikidwe m'madzi kufikira ufa wake utasiyana ndi njere, asefedwe, athiridwe mkaka ndi shuga wochepa wongothyola kuwawasa, kenaka athiridwe m'timakapu, m'kapu iliyonse muimikidwe kasupuni kuti kakhale chogwirira zikauma. Malambe ali ndi vitamini C wambiri, ndipo ana a ku Chikwawa, ku Mangochi ndi ku Salima akhala akuwamung'unya kuyambira kale, azungu asanayambe kuwagula m'mabotolo pa mtengo wokwera. Madzi ake okha ndiwo ndipempha kuti akhale owiritsa kapena othira mankhwala, pakuti kuzizira kwa filiji sikupha tizilombo ta m'mimba. Ndipo ife amene tinaona kolera wa 2022 ndi 2023, amene anachedwetsa kutsegulira sukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, sitiyenera kukumbutsidwa kawiri. Nthochi zakupsa nazo, zikadulidwa ndi kuumitsidwa m'filiji, kenaka n'kusinjidwa msanga mumtondo woyera pamodzi ndi supuni ya chiponde, zimasanduka ayisikilimu amene mwana sangakhulupirire kuti mulibe shuga.

Za kanema woti aonedwe sindidzalamulira nyumba za eni, koma kwa amene ana awo asinkhukapo nditchula The Boy Who Harnessed the Wind, amene Chiwetel Ejiofor anatulutsa m'chaka cha 2019, wonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, mnyamata amene anachotsedwa sukulu posowa fizi napanga makina a mphepo ndi zitsulo zotola. Mbali yaikulu ya zolankhula zake ndi ya m'Chichewa, ngakhale Chichewa cha ena mwa ochita sewerowo chimaseketsa ana athu. Ndipo muli njala ija ya 2001 ndi 2002, imene makolo ambiri a lero anaiona ndi maso ali ana. Mwana amene akuona banja la m'kanemamo likudya kamodzi patsiku, iye ali ndi chigumu m'dzanja, adzafunsa mafunso, ndipo ndi bwino amayi kapena agogo aimitse kanemayo ndi kuyankha zimene iwo anadya chaka chimenecho. Kwa aang'ono kwambiri kanemayu ndi wolemera, muli maliro ndi imfa ya galu imene imaliza ngakhale akulu. Iwowo asankhiridwe zojambula zoseketsa.

Kanema ayambe msanga, nthawi ya 7 koloko isanapitirire, ndipo zotsekemera zituluke koyambirira, kuti pofika kumapeto m'kamwa mukhale mutatha ntchito. Ana ambiri amagona kanema ali pakati, ndipo kholo limachita chifundo n'kuwanyamula kukawagoneka osatsuka mano, shuga ndi malambe zili m'kamwa usiku wonse, pamene malovu otsuka mano amachepa munthu akagona. Choncho mbale ikatha, imitsani kanema, onse apite ndi miswachi yawo kukatsuka, mapoto anyikidwe m'madzi kuti shuga wa mtedza uja asaumirire, ndipo pobwera pamphasa pakhale madzi akumwa okha.