MLENDO WA KU ISE AGONE PAFUPI NDI KACHISI

Munthu amene waoloka nyanja kupita ku Japan kukaona miyambo ya chipembedzo cha Shinto ayenera kuganiza mofatsa za malo ogona. Ambiri amathamangira mahotela aakulu a mumzinda wa Nagoya, nakwera sitima ulendo wa ola limodzi ndi theka kupita ku Ise, kumene kuli kachisi wolemekezeka koposa m'dzikomo. Amafika dzuwa litakwera kale, napeza chinamtindi cha anthu. Otere amabwerera ataona mitengo ndi mipanda, koma chimene anadzera osachipeza.

Chifukwa chake nchakuti ku Ise kulibe zonyezimira zodabwitsa maso. Nyumba zake nzamatabwa osapaka utoto, zofolera ndi udzu, ndipo amazimanganso mwatsopano zaka 20 zilizonse. Anatero kachi-62 m'chaka cha 2013, ndipo adzateronso mu 2033. Nyumba yopatulika koposa, ya Amaterasu, mulungu wamkazi wa dzuwa, njobisika kuseri kwa mipanda, ndipo mlendo wamba saloledwa kulowako. Tsono chuma cha malowo ndicho bata ndi ulemu wa eni ake, zinthu zimene zimaoneka bwino m'bandakucha.

Zipata amatsegula 5 koloko m'mawa. Pa nthawi imeneyo munthu amaoloka mlatho wa Uji nkhungu isanachoke, natsikira ku mtsinje wa Isuzu kukasamba m'manja monga mwa mwambo. Pansi pa mikungudza ikuluikulu pamangomveka miyala ikulira ku mapazi a okalamba odzapembedza. Wogona ku Nagoya sangazione zimenezi ngakhale atalawira chotani.

Makolo a ku Japan ankadziwa zimenezi. Kale alendo ankafikira m'nyumba za ansembe otchedwa onshi, amene ankawadyetsa, kuwagoneka ndi kuwatsogolera ku mapemphero, mpaka boma linathetsa udindowo mu 1871. Ena ankayamba aima ku Futami, m'mbali mwa nyanja, kuti adziyeretse ndi madzi asanalowe kumalo oyera. Kwa iwo malo ogona anali mbali ya ulendo wachipembedzo.

Nzoona kuti kugona pafupi kuli ndi zovuta zake. M'nyumba za alendo zachikale, zotchedwa ryokan, mtengo amawerengera munthu aliyense osati chipinda. Nsapato amavulira pakhomo, kugona nkwapansi pa mkeka, ndipo kawirikawiri kosambira nkwa anthu onse, amuna kwaokha akazi kwaokha. Masitolo ambiri a mumsewu wa Oharai-machi amatseka dzuwa likamalowa, kotero wokonda zosangalatsa za usiku amasowa kolowera. Komatu akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wofuna kudziwa mwambo wa eni asakane mphasa ya eni.

Ndiponso wochepa thumba asataye mtima. Kachisiyu ali ndi mbali ziwiri zazikulu, Geku ndi Naiku, ndipo mwambo umati munthu ayambire ku Geku. Pafupi ndi siteshoni ya Iseshi pali timahotela totsika mtengo, ndipo kuchokera pamenepo kukafika ku Geku ndi mphindi zowerengeka wapansi. Ku Naiku kumapita basi.

Choncho posankha malo, mlendo asayambe kufunsa za kukula kwa chipinda. Ayambe wafunsa ngati angathe kufika pa chipata ndi miyendo yake tambala atangolira.