Makompyuta a m'maofesi aphunzire kwa belu la pasukulu

Lero nkhani yake ndi ya makompyuta, koma musathawe, palibe mayeso kumapeto.

Masiku ano paliponse tikumva mawu akuti digital transformation. Maofesi a boma, mabanki ndi makampani akugula makina atsopano ndi mapulogalamu a ndalama zambiri. Ine sindikutsutsa zimenezi. Mfundo yanga ndi imodzi: makina a ofesi ina ngati sauza makina a ofesi inzake zimene zachitika, ndiye kuti ntchito yonyamula uthenga idakali pamutu pa munthu wamba, envelopu m'khwapa, pa minibasi, ndi ndalama zake zomwe.

Tiyeni titenge chitsanzo chimene tonse timachidziwa. Mphunzitsi wamwalira. Maofesi amene ayenera kudziwa ndi ambiri: ofesi ya malipiro kuti dzina lichotsedwe, ofesi ya penshoni kuti iwerengere ndalama za ana amasiye, banki, SACCO ngati anali ndi ngongole, ofesi yotumiza aphunzitsi kuti kalasi isakhale yopanda mwini, ndiponso kaundula wa nzika. Maofesi onsewa ali ndi makompyuta. Koma amene amayenda ndi chikalata cha imfa khomo ndi khomo ndi mayi wamasiye. Uthenga ukachedwa kufika ku penshoni, ana amathamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi. Ukalephera kufika ku malipiro, dzina limatsala pa ndandanda ndipo wina wake akhoza kumadya ndalamazo. Ena mwa aja timati ma ghost worker amabadwa motere.

Mankhwala amene anthu amayamba kuganiza ndi kulumikiza makina awiriawiri, a malipiro ndi a penshoni, a penshoni ndi a banki, choncho choncho. Amene ndinakuphunzitsani masamu mukukumbukira funso lija la anthu opatsana moni wa m'manja. Anthu 10 kuti aliyense agwirane chanza ndi mnzake, pamafunika moni 45. Akakhala 20, moni ndi 190. Makina nawonso ndi chimodzimodzi. Ndipo ofesi imodzi ikasintha pulogalamu yake, milumikizo yake yonse iyenera kukonzedwanso. N'chifukwa chake maofesi ambiri amaopa kukhudza makina akale ngakhale atatopa.

Njira imene ine ndikuikonda akatswiri amaitcha event-driven architecture. Dzinalo lisakuopseni, ife aphunzitsi timaigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Piriyodi ikatha, woimba belu sapita m'kalasi iliyonse kukanong'oneza mphunzitsi kuti atuluke. Amangoliza belu kamodzi. Wa masamu amatuluka, wa Chichewa amalowa, a kukhitchini amadziwa kuti nthawi ya nsima yayandikira, amayi ogulitsa zitumbuwa pa geti amavundukula mabeseni. Woimba belu sadziwa n'komwe kuti akumvetsera ndi angati. Mawa kutabwera wogulitsa chinangwa, sapempha chilolezo kwa iye, amangotchera khutu.

M'makompyuta zimayenda motere. Chinthu chikachitika, kaya mwana wabadwa, kaya mphunzitsi wasamutsidwa, kaya munthu wamwalira, ofesi imene ili ndi udindo pa chinthucho imalengeza kamodzi pa malo amodzi apakati. Makina onse amene nkhaniyo ikuwakhudza amakhala atalembetsa kale kuti azilandira uthenga wa mtundu umenewo, ndipo aliwonse amachita mbali yawo. Makina 20 amafuna milumikizo 20 basi, osati 190.

Koma belu lili ndi vuto limodzi. Likalira latha, amene anali kutali waphonya. Apa ndi pamene pakubwera log book ya a hedi. Zonse zochitika pasukulu zimalembedwa motsatana ndi madeti ake, ndipo mphunzitsi amene anali kutchuthi akhoza kuwerenga kuyambira pamene analekezera. Pulogalamu yotchuka pa ntchito imeneyi, Apache Kafka, imagwira ntchito ngati buku lomwelo. Anaipanga ku kampani ya LinkedIn, Jay Kreps, Neha Narkhede ndi Jun Rao, pofuna kuthana ndi vuto lomweli la makina ambiri osamvana, ndipo mu 2011 anaitulutsa kuti aliyense aigwiritse ntchito mwaulere. Uthenga watsopano umalembedwa kumapeto kwa mndandanda, ndipo wowerenga aliyense amasunga chizindikiro cha pamene wafika.

Ena anena kuti zimenezi ndi za mayiko amene magetsi sathima. Ine ndikuona kuti ife ndi amene tikuzifuna kwambiri. Pa njira yakale, makina awiri ayenera kukhala oyaka nthawi imodzi kuti alankhulane, ndipo netiweki ikagwa mbali imodzi, mumauzidwa kuti mubwere mawa. Pa njira ya log book, uthenga umadikira. Magetsi akayaka ku ofesi ya kuboma, makina amawerenga zonse zimene anaphonya n'kupitiriza ntchito.

Palinso phindu lina. Mukukumbukira Cashgate ya mu 2013. Ofufuza a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa pakati pa April ndi September chaka chimenecho. Imodzi mwa njira zimene akuba ankagwiritsa ntchito inali kulowetsa malipiro abodza mu IFMIS, makina owerengera ndalama za boma, cheke chikatuluka n'kufufuta umboni wake m'makinamo. Sindikunena kuti pulogalamu ingasandutse mbava kukhala munthu wolungama. Koma malipiro alionse atamalengezedwa nthawi yomweyo, uthenga n'kufika kwa owerengera ndalama ndi maofesi ena odziyimira paokha, wakuba ayenera kufufuta m'mabuku ambiri amene makiyi ake alibe. Kung'amba tsamba m'buku lako n'kosavuta, koma la m'kabati ya mnzako ndi nkhani ina.

Ganizo lolengeza kamodzi si maloto. Ku England, Scotland ndi Wales kuli ndondomeko yotchedwa Tell Us Once, imene inafalikira mu 2011. Wachibale akalembetsa imfa, boma lokha limadziwitsa ofesi ya misonkho, ya penshoni, ya mapasipoti, ya ziphaso zoyendetsera galimoto ndi khonsolo ya dera. Ifenso maziko tili nawo. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika. Nambala ya pachiphaso ija ndi imene ingathandize makina onse kudziwa kuti akukamba za munthu mmodzi yemweyo, ngakhale kwina analemba dzina lake ndi "l" pomwe kwina analemba ndi "r".

Tsono walira mvula walira matope. Mavuto alipo, ndipo ndi bwino tiwatchule.

Loyamba, belu lolira molakwika limatulutsa sukulu yonse. Kalaliki atalemba kuti wamwalira munthu amene ali moyo, malipiro aima, akaunti yatsekedwa, zonse tsiku limodzi. Choncho chochitika chilichonse chikhale ndi mwini mmodzi wololedwa kuchilengeza, ndipo pakhale njira yachangu yolengezera kuti uthenga uja unali wolakwika, imene makina onse ayenera kuimvera.

Lachiwiri, uthenga umodzi ukhoza kufika kawiri, makamaka netiweki ikamadukaduka. Chochitika chilichonse chikhale ndi nambala yake kuti makina azindikire zimene analandira kale, apo ayi munthu alipidwa kawiri kapena kudulidwa ngongole kawiri.

Lachitatu, makina sadziwa onse pa mphindi imodzi. Kwa kanthawi kochepa ofesi ina imakhala ikudziwa pamene ina isanadziwe, ndipo ogwira ntchito pa kauntala ayenera kuphunzitsidwa zimenezi.

Lachinayi ndi chinsinsi. Banki sikuyenera kumva za matenda a munthu. Aliyense alandire zokhazo zimene ntchito yake ikufuna, ndipo lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act ya 2024, likhale mpanda wake.

Nanga tiyambe bwanji? Osati pozimitsa makina onse akale Lachisanu n'kuyatsa atsopano Lolemba. Banki ya TSB ku Britain inasamutsa makasitomala ake onse kupita pa makina atsopano m'masiku ochepa mu April 2018. Anthu ambirimbiri analephera kufikira ndalama zawo, ena anaona maakaunti a anthu ena, mkulu wa bankiyo Paul Pester anatula pansi udindo, ndipo mu 2022 bankiyo inalipitsidwa chindapusa choposa mapaundi 48 miliyoni. Kuthamanga sikufika.

Katswiri wina wa mapulogalamu, Martin Fowler, analemba mu 2004 za njira ina, atachita chidwi ndi mitengo imene anaona ku Australia. Mitengo yake ndi ya mtundu wa kachere wathu yemweyu. Kachere amamera pa nthambi ya mtengo wina, n'kumatsitsa mizu pang'onopang'ono mpaka ataima payekha. Makina akale asiyeni agwirebe ntchito, koma aphunzitseni kulengeza chinthu chimodzi, tinene imfa. Maofesi awiri okha ayambe kumvetsera. Zikayenda, onjezani kusamutsidwa kwa ogwira ntchito, kenako kupuma pa ntchito. Tsiku limene makina akale adzachotsedwe, omvetsera sadzadziwa n'komwe, chifukwa belu lidzakhala likulirabe chimodzimodzi.

Kwa inu ana anga amene muli m'maofesi a IT ndi ogula katundu, pempho langa ndi ili. Wogulitsa makina akabwera ndi zithunzi zokongola, mufunseni mafunso atatu. Makina anuwa amalengeza zochitika ziti? Amamvetsera ziti? Kontirakiti yathu ikatha, buku la zochitikazo litsala m'manja mwa yani? Akayamba kukanda m'mutu, musasayine.

Kwa inu aphunzitsi anzanga, nkhaniyi si ya akatswiri okha. Ikukhudza penshoni yathu ndi ana amene tidzawasiye. Pa misonkhano yathu, akamatiuza kuti zonse tsopano zili pa kompyuta, tizifunsa kuti munthu afunika kunena kangati chinthu chimodzi. Yankho loyenera ndi kamodzi. Ndipo amene timaphunzitsa Computer Studies tisalekere pa kutayipa kokha, ana adziwenso mmene makina amapatsirana uthenga.

Amene mukugwira ntchito zimenezi tsiku ndi tsiku, ndiuzeni pamene mukuona mosiyana.