Adalakwa ndi wopanga, adalipira ndi wogula

Munthu akagula galimoto amayembekeza kuti mtengo wa inshuwalansi udzalingana ndi kayendetsedwe kake: wosamala alipire zochepa, wa chibwana pamsewu alipire zambiri. Zimene zidagwera eni galimoto za Kia ndi Hyundai ku Amereka zidaonetsa kuti nthaŵi zina munthu amalipirira mlandu wa wina.

Galimoto zambiri za makampani aŵiriŵa a ku South Korea, zimene zidagulitsidwa ku Amereka pakati pa 2011 ndi 2021, zidalibe kachipangizo kotchedwa immobilizer, kamene kamaletsa injini kulira ngati kiyi si wake weniweni. Kachipangizoka sikadali kachilendo ayi. Mwa galimoto za chaka cha 2015, za makampani ena 96 pa 100 zidali nako, pamene za Kia ndi Hyundai zidali 26 zokha pa 100.

Anyamata a mumzinda wa Milwaukee adatulukira kuti akathyola chophimba cha pansi pa chiwongolero, galimotoyo imalira ndi kamutu ka chingwe cha USB. Adajambula umbava wawowo nauika pa TikTok, ndipo udafala m'mizinda yambiri. Anthu ena adafa pa ngozi za galimoto zobedwazo. Pofika kumayambiriro kwa 2023, makampani aakulu a inshuwalansi, State Farm ndi Progressive, adali atayamba kukana makasitomala atsopano a galimoto zina za mitunduyi m'madera ena, ndipo eni ambiri adawakwezera mtengo. Tsono amene adapwetekeka ndi anthu a malipiro ochepa, amene adasankha galimotozi poona kutsika mtengo kwake.

N'chapafupi kudzudzula a inshuwalansi, ndipo nthaŵi zambiri amayeneradi kudzudzulidwa, koma pano iwo adangoŵerengera: galimoto ikamabedwa kaŵirikaŵiri, ndalama zobwezera eni ake zimachuluka, ndipo zimachokera m'matumba a olipira omwewo. Mlandu uli pa wopanga amene adafuna kusunga ndalama pochotsa kachipangizoko, ndiponso pa boma limene lidamlekerera. Ku Canada lamulo lidakakamiza kuyambira 2007 kuti galimoto iliyonse yatsopano ikhale nako, choncho makampani omweŵa adakaika m'galimoto zopita kumeneko popanda kuŵiringula. Ku Amereka kudalibe lamulo lotere. Malire a maiko aŵiriŵa ndi amodzi, koma mwini Kia wa tsidya lina ankagona tulo pamene wa tsidya linalo ankadzuka usiku kukasuzumira pazenera.

Chakumapeto kwa 2021 makampaniŵa adayamba kuika kachipangizoka m'galimoto zawo zonse zatsopano, umboni wakuti sichidali chinthu chovuta. Mu February 2023 adalengeza kuti akonza mwaulere galimoto zakale 8.3 miliyoni, ndipo mu May chaka chomwecho adavomera kulipira madola pafupifupi 200 miliyoni kuti mlandu wa eni galimoto uthe. Ndalamazo zikumveka zambiri, koma zikadagaŵidwa mofanana pa galimoto zonsezo, iliyonse sikadalandira ngakhale madola 25.