Matope a poizoni asanduka bwalo la doko ku Gothenburg

Akuluakulu a doko la Gothenburg, m'dziko la Sweden, achita chinthu choyenera kuyamikiridwa. Sitima zikuluzikulu kuti zifike padoko, pansi pa mtsinje wa Göta älv pamafunika kukumbidwa pafupipafupi, ndipo matope ena otuluka mmenemo ndi oipa. Muli TBT, mankhwala amene kale ankawasakaniza ndi penti wa sitima pofuna kuti tizilombo tam'nyanja tisamamatire kunsi kwake. Mankhwalawa anawononga zamoyo kwambiri, mpaka nkhono zazikazi zinkamera ziwalo zachimuna. Pangano la mayiko lowaletsa linayamba kugwira ntchito mu 2008, koma poizoni wakaleyo anatsalira m'matope.

M'malo mosenza matopewo kukawataya kwina, iwo anawasakaniza ndi simenti komanso slag, n'kudzazira malo ena padokopo otchedwa Arendal 2 kuti pakhale bwalo latsopano la katundu. Slag ndi zotsalira zimene zimayandama pamwamba pa chitsulo chikasungunuka m'ng'anjo. Akazizizira ndi madzi mwamsanga n'kuzipera kukhala ufa, zimagwirana ndi laimu wotuluka m'simenti yonyowa n'kuuma pang'onopang'ono. Matope amene munthu akanatitimira m'menemo amalimba mokwanira kunyamula magalimoto olemera. Timipata todutsa madzi timatsekeka, choncho poizoni amasowa njira yotulukira.

Phindu lina ndi lakuti simenti imalowa yochepa. Kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa carbon dioxide umene anthu amautulutsa padziko lonse, ndiye thumba lililonse limene slag walowa m'malo mwake ndi lowerengeka.

Komabe tiyamikire mwa muyezo. Njirayi sipha poizoni, imangomutsekera. TBT akadali pansi pa bwalolo, ndipo madzi ozungulira ayenera kupimidwa kwa zaka zambiri, ngakhale amene anagwira ntchitoyo atapuma kale. Kusakaniza kwake sikwachisawawanso: matope a malo alionse amayamba ayesedwa m'labotale kuti zidziwike kuti akufuna simenti ndi slag wochuluka bwanji, chifukwa muyezo wolakwika ungathe kumasula poizoni yemwe amafuna kumugwira.

Ndipo si zotsalira zonse za m'fakitale zimene zingachiritse nthaka. Anthu a ku Kabwe, ku Zambia, amadziwa zimenezi. Mgodi wa mtovu kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma mulu wa zotsalira zake, wotchedwa Black Mountain, ukadali kuwaza fumbi m'makomo, ndipo ana ambiri ali ndi mtovu wochuluka m'magazi. Slag wa ku Kabwe ndiye matendawo. Amene angafune kutengera njira ya ku Gothenburg pa nthaka ngati imeneyo ayambe apima zotsalira zimene akufuna kuthira, asanatumize ngakhale lole imodzi.