MAWU A KATEKISITI: Galimoto ya Banja ndi Galimoto ya Liwiro



Mwezi uno makolo ena a kuno ku Thuchila atifikira ndi funso. Mwana wawo, amene wakhetsa thukuta ku Joni zaka zambiri, wasunga ndalama zogulira galimoto, koma mtima wake uli pawiri: Toyota Corolla yakale, kapena Toyota 86 yonyezimira. Tiyeni tiziyese pamodzi.

Zonse ziwiri nza bere limodzi, za ku Japan. Mtundu wa Corolla unayamba m'chaka cha 1966. Imene tiiona m'misewu yathu ili ndi zitseko zinayi, inyamula anthu asanu, ndipo imwa mafuta pang'ono. Ikadwala, amakaniko a ku Limbe aidziwa mkati ndi kunja, zitsulo zakenso sizisowa. Inzakeyo inatuluka m'chaka cha 2012. Injini yake nja malita 2, liwiro lake nloopsa. Koma zitseko nziwiri zokha, wamkulu akakhala kumbuyo apinda miyendo, ndipo mimba yake ili pafupi ndi nthaka.

Tsono taganizani. Pa phula la msewu wa Midima idzathamangadi, koma kwathu sikuthera pa phula. Dzinja likafika, adzaikoka m'matope ndani? Sitinaiwale Marichi 2023, pamene namondwe Freddy anakokolola misewu ndi milatho ya ku Mulanje. Nanga mayi wapakati ikamkwanira nthawi usiku, iye ndi omdikirira adzakwera pati kunka kuchipatala? Matumba a nandolo opita kumsika adzakhala pati?

Sitinena kuti chinthu chokongola ndi tchimo, pakuti luso la mmisiri nalonso lichokera kwa Mulungu. Koma makolo anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Msewu wathu ngwodzala ndi njinga za kabaza ndi ana a sukulu, ndipo lamulo lachisanu la Mulungu limanga woyendetsa galimoto monga limanga wogwira mkondo.

Chifukwa chake tinawayankha kuti agule Corolla, koma makaniko wokhulupirika ayambe waiyesa, popeza ukalamba ubisa matenda. Ndalama zotsala agulire malata, alipirirenso azing'ono ake sukulu. Ikafika, apite nayo kwa Bambo Mfumu kuti aidalitse.

Kristofa Woyera, nkhoswe ya apaulendo, atipempherere tonse.

Ndife wanu mwa Ambuye,
Katekisiti wa ku Thuchila